Mutu 4: Kompyuta pa Chileyi

1. Galimoto yakana kulira

Loweruka limenelo chisanu chinabwera ngati tinachilakwira. Koyezera kuzizira ka pawindo kanatsika mpaka madigiri makumi atatu pansi pa ziro, ndipo ngakhale agalu a m'tauni mwathu sanafune kuuwa.

Kerttu Pelkonen, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anadzuka kudakali mdima. Linali tsiku la mpikisano wa magemu ku holo ya sukulu. Chaka chilichonse tchuthi cha nyengo yozizira chikayamba, achinyamata kuno amanyamula makompyuta awo, kukawandandalika pamatebulo, kuwalumikiza ndi zingwe, n'kumasewera limodzi mpaka maso psuu.

Katundu anali atamanga kale: bokosi lakuda la kompyuta, sikirini, kiyibodi, mausi ndi mtolo wa zingwe. Ankangodikira amayi ake, a Sirpa, amene analonjeza kumuperekeza pa galimoto.

A Sirpa anatuluka panja atavala jekete pamwamba pa zovala zogonera. Posakhalitsa anabwerera, nsidze zili mbuu.

"Kerttu, dzulo galimoto unailumikiza ku magetsi?"

Kerttu anangoti kukamwa yasa.

Aliyense kuno amadziwa kuti galimoto yogona panja m'chisanu chotere imafuna chingwe chake. Mbali ina umalowetsa kutsogolo kwa galimoto, ina pa kamtengo ka magetsi ka pabwalo, kuti injini igone yofunda. Pakhomo pa a Pelkonen ntchito imeneyi inali ya Kerttu. Dzulo lake anati aichita akangomaliza gemu imodzi yokha. Gemu imodzi yokha ija tonse timaidziwa, ili ndi ana ndi zidzukulu.

"Ndinaiwala, Amayi. Pepani."

"Pepani ameneyo ukaiuze galimoto. Yangoti khoo, khoo, n'kukhala chete. Malume ako akukankha chipale chofewa m'misewu, sangabwere kudzaidzutsa mpaka masana. Udikire basi."

"Masana? Mpikisanotu ukuyamba m'mawa uno! Timu yathu ndi ya anthu awiri, ine ndi Miro. Ndikapanda kufika atichotsa."

Maso ake anagwera pa chileyi chofiira chimene ankakokera nkhuni kuchokera ku shedi. Chinali chitatsamira pakhonde.

"Ndikoka pa chileyi. Ndiifunditsa bulangeti."

A Sirpa anaika kapu ya khofi patebulo, n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Tamvera, mwanangawe. M'bokosi limenelo si magemu ako okha ali m'menemo. Muli lipoti langa lomaliza la kusukulu, limene ndakhala ndikulemba chiyambire masamba kuyoyoka. Lolemba likuyenera kutumizidwa. Likapanda kupita, satifiketi yanga yosamalira okalamba ndiye yapita, ndidikirenso chaka china chathunthu. Chitsekereni fakitale ya matabwa ija ndakhala pakhomo pano ngati mpando, ndipo ndatopa nazo. Zaka zanga si zoyambiranso. Sindikukuletsa kupita, chifukwa ndinalonjeza. Koma uinyamule ngati wanyamula khanda. Ndipo tenga fulashi iyi undikopere lipotilo. Ine ndinayesa dzana, zinandikanika."

"Zingwe ndamasula kale zonse, Amayi. Ndikakopera komweko ndikangoyatsa. Chikhala choyamba."

"Choyamba, wamva?"

"Ndamva."

Kerttu anaponya fulashi m'thumba la jekete. Amayi ake anaima pawindo kumuyang'ana akumangirira katundu pa chileyi, ndipo nkhope yawo inali ya munthu wankhawa.

2. Mmene kompyuta inalowera m'nyumba

Kuti mumvetse nkhawa ya a Sirpa, muyenera kudziwa mmene bokosi lakudali linafikira pakhomo pawo.

Chaka chatha anzake ambiri a Kerttu anali ndi timabokosi ta magemu tolumikiza ku TV. A Sirpa anafuna kumugulira kamodzi, poti n'kosavuta: kulowetsa pulagi, kukhala pa sofa, basi. Ndalama inalipo inali ya chinthu chimodzi chokha. Kerttu anakana.

"Kabokosi kaja kamadziwa ntchito imodzi, Amayi, kusewera basi," anatero tsiku limenelo. "Kompyuta ine ndizisewerapo madzulo, inu muzilembapo za kusukulu m'mawa. Homuweki yanga momwemo. Kalata ya ku banki momwemo. Pa TV mungalembe lipoti?"

Mawu amenewa ndi amene anawagonjetsa. Mwana anagula gemu yake ndi sukulu ya amayi ake, ndipo tinene zoona, sananame.

Malume ake, a Raimo, mlongo wawo wa a Sirpa, ndi amene anasonkhanitsa zipangizo. China anachipeza kwa mnzawo wa kuntchito, china pa malonda a zinthu zakale, china anachotsa m'kompyuta yawo. Anamangira patebulo la kukhitchini, Kerttu atagwira sikulu diraiva, iwo akungoloza ndi chala. Usiku woyamba anaikamo magemu a paunyamata wawo, a zithunzi zokhakhala, ndipo magemuwo anayenda bwinobwino. A Raimo anaseka mpaka kutsokomola.

Kenaka Kerttu anatulukira chinthu chimene pa kabokosi ka pa TV sakanachipeza. Gemu imene ankaikonda inkalola munthu kumanga bwalo lakelake. Anamanga tauni yathu yonse: tchalitchi, sitolo, mlatho, ngakhale galimoto ya ahedi itatitimira m'ngalande ngati chaka chija. Theka la kalasi linkasewera m'bwalo limenelo.

Ndi bwalo lomweli limene linakopa Miro Hyvönen, mnzake wa m'kalasi. Miro anali munthu wa kabokosi ka pa TV chiyambire. Kerttu anamunyengerera miyezi yambiri mpaka mnyamata anapereka kabokosi kake kwa mlongo wake wamng'ono, n'kutenga kompyuta yakale ya bambo ake. Kuyambira pamenepo ankayeserera limodzi tsiku ndi tsiku, maso ali pa mpikisano wa lero.

Zonsezi tsopano zinali pa chileyi cha nkhuni, m'bulangeti lamizeremizere, zikukwekwereka mumsewu wa m'nkhalango ya paini.

3. Chenjezo la a Raimo

Kuchokera kwa a Pelkonen kukafika ku sukulu ndi patali ndithu. Pa galimoto sipaoneka, koma wapansi wokoka katundu amapadziwa. Mpweya unkaluma m'mphuno. Bulangeti linkasereraserera, ndipo Kerttu ankaima kulikonza, zala zikuchita dzanzi.

Atadutsa mlatho anaona nyali yachikasu ikuzungulira pakati pa mitengo. Inali thirakitala yokankha chipale. Inaima pafupi naye, ndipo a Raimo anatsika, chimunthu chachikulu, ndevu zitaundana.

"Mphwanga, kodi wakwatiwa osatiuza? Katundu yenseyu ukusamukira kuti?"

"Galimoto yakana, Malume. Ndikupita ku holo."

"Yakana kapena wina anaiwala chingwe?"

Kerttu anayang'ana pansi.

A Raimo anavula gulovu, n'kulowetsa dzanja pansi pa bulangeti. Analichotsa msanga ngati akhudza moto. Nthabwala zinathera pomwepo.

"Wayenda nayo kuchokera kunyumba?"

"Eya."

"Ndiye undimvere ndi makutu onse awiri. Magalasi akowo, ukalowa m'nyumba kuchokera panja amatani?"

"Amachita nthunzi."

"Nthunzi imeneyo ndi madzi. Mpweya wofunda ukakhudza chinthu chozizira umasiyapo madzi. Magalasi umapukuta ndi malaya, nkhani yatha. Nanga m'kati mwa bokosi ili upukuta ndi chiyani? Unaona wekha tsiku timamanga lija. Muli tinjira ta magetsi tating'ono ngati tsitsi, togundana. Dontho limodzi likagona pakati pa tinjira tiwiri, iwe n'kuyatsa, magetsi amadumpha njira. Ukamva fungo ndiye kuti zatha kale. Choncho ukafika ku holo usayatse. Uiike patebulo, uchotse bulangeti, utsegule chitseko cha m'mbali, uisiye. Ifunde yokha, iume yokha. Usaiyandikize ku chotenthetsera, usaiuzire ndi choumitsira tsitsi. Uidikire mpaka mutadya nkhomaliro."

"Nkhomaliro? Malume, masewera athu oyamba ndi a m'mawa uno!"

"Ndiye akupite."

"Atichotsatu mumpikisano!"

"Akuchotseni. Chaka chamawa holo ija idzakhala pompaja." A Raimo anavalanso gulovu pang'onopang'ono. "Tamvera, Kerttu. Tsiku unakana kabokosi ka pa TV ine ndinakuikira kumbuyo, ndipo lero ndikanakuikiranso. Kaja n'kotseka. Za m'kati suzidziwa, kakakalamba umagula kena. Iyi imakulola kutsegula. Chipangizo chimodzi chikatopa umasintha chomwecho, zina zonse n'kukhala. Ukafuna mphamvu umawonjezera. Ukafuna bwalo lako umamanga. Mayi ako aphunzirirapo, iwe wasewerapo, ine nkhalamba ndaonerapo magemu a kale. Unasankha bwino. Koma chinthu chokulola zambiri chimafuna mwini wake wa mutu. Chisanu sichisankha, ngakhale kabokosi kaja kakhoza kupsa chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti kaja kakapsa, apsa ndi magemu okha. Iyi ikapsa, mwapsa zinthu za anthu awiri. Lipoti la mayi ako munakopa?"

"Ndikakopera ku holo."

A Raimo anapukusa mutu.

"Ndiye kuti pa chileyi chimenecho wanyamula chaka chonse cha mlongo wanga. Ndikanakukweza, koma mpando ndi umodzi, ndipo msewu wa kuchipatala sindinaukankhe. Pita. Mpaka nkhomaliro, mphwanga. Anzako adzalankhula zambiri, koma si iwo adzayang'ane mayi ako kumaso."

Thirakitala inalira n'kumapita. Kerttu anagwira chingwe cha chileyi, mtima uli m'mwamba.

4. Mu holo

Atangotsegula chitseko cha holo, magalasi ake anati mbuu. Sanaone kanthu. Anangomva phokoso la makiyibodi, nyimbo, anthu akukuwa, ndi fungo la masoseji losakanikirana ndi la masokosi onyowa.

Anapukuta magalasi. Matebulo anali m'mizere kuchokera pa golo ina kukafika pa inzake, masikirini akuwala paliponse. Kungodya kunali sofa ndi TV, kumene ana a makalasi aang'ono ankasewera mpira pa kabokosi.

"Aise, unali kuti?" Miro anathamangira kwa iye. "Ndakusungira malo. Changu, tikuyamba ife!"

Ananyamulira limodzi katundu. Kerttu atachotsa bulangeti, bokosi lakuda lija linayamba kuyera pamaso pawo. Kenaka kuyerako kunasanduka timadontho, tikutsetserekera patebulo.

"Sindiyatsa pano," anatero Kerttu. "Malume akuti ndidikire mpaka nkhomaliro. Yazizira kwambiri."

"Ukuti chani? Ukuseka, eti?"

"Sindikuseka. M'kati muli madzi."

Anatsegula chitseko cha m'mbali monga anauzidwira. Zitsulo za m'kati zinali zonyezimira ngati munthu wotuluka thukuta.

Patebulo loyang'anana ndi lawo panali mapasa a kwa Karvonen, anyamata a kalasi yapamwamba amene ankayenera kusewera nawo. Mmodzi anasuzumira.

"Kodi mwabweretsa firiji? Tatipatseniko mkaka!"

"Asiye, akudikira kuti nyama isungunuke," anatero winayo. Mzere wonse unaseka.

Kerttu anapita kwa a Lahtinen, mphunzitsi wa masamu, amene ankayendetsa mpikisano. Anawafotokozera zonse.

"Malume ako akunena zoona," anatero a Lahtinen. "Ine ndikanadikira. Koma masewera sindingawasunthe, matimu ndi ambiri ndipo holo tibweza mawa. Peza wokubwereka kompyuta. Apo ayi, a Karvonen apambana osasewera."

Miro anazungulira holo yonse kupempha. Aliyense anali ndi chifukwa. Wina amayeserera, wina amaika gemu yatsopano, wina anangoti mausi yake sagwiritsa munthu. Anabwerera nkhope itafiira.

"Palibe," anatero. Kenaka analoza kungodya kuja. "Taona ana aja. Alowetsa pulagi, akusewera. Ine ndinali pamtendere pa sofa yanga. Ndiwe unabwera n'kumati mausi imaloza msanga kuposa zala, kiyibodi ili ndi mabatani ambiri, zithunzi n'zowala, tidzamanga mabwalo athu, tidzapambana mpikisano. Kabokosi kanga ndinapatsa mwana chifukwa cha iwe. Lero tafika, ukuti tikhale pansi tizionerera bokosi likuuma?"

"Zonse ndinanenazo n'zoona, Miro."

"Ndiye yatsa tione kuti n'zoona!"

"Muli lipoti la amayi anga."

"Lipoti silisungunuka. Akuluakulu amakokomeza, iwenso ukudziwa. Bambo anga amati ndikatuluka tsitsi lonyowa ndifa. Ndafa?"

Anakoka mkono wa juzi yake, n'kupukuta bokosi pamwamba ndi m'mbali. Anauzira m'kati kawiri ndi pakamwa.

"Ona, yauma. Yakhalatu nthawi, si pompano wafika."

Kerttu anasuzumira. Timadontho tambiri tinali titaphweradi. Koma ataika chala pa chitsulo chapansi, chinali chozizira ngati chogwirira cha chitseko cha panja. Pansi pa zipangizo, mmene diso silifika, sakanadziwa kuti muli chiyani.

Mawu a a Lahtinen anamveka pa chimkuzamawu.

"Timu ya Pelkonen ndi Hyvönen, mulipo kapena mulibe? Ndikufunsa komaliza."

Mitu yambiri inatembenukira kwa iwo. Mapasa anayamba kumenya tebulo ndi manja.

"Firiji! Firiji! Firiji!"

"Kerttu, chonde," anatero Miro, ndipo tsopano sankakalipa. "Tayesereratu miyezi yonseyi."

Kerttu anali ndi mantha, ndiponso anali ndi manyazi. Manyazi ndi amene anali pafupi, akumuyang'ana ndi maso ambirimbiri. Malume ake anali kutali, mumsewu wa kuchipatala.

"Tilipo!" anakuwa.

5. Batani

Analumikiza zingwe. Anatseka chitseko cha m'mbali. Anaika chala pa batani, n'kutsinzina, n'kudina.

Timafani tinayamba kuzungulira. Kanyali kabuluu kanayaka. Sikirini inawala, n'kuonetsa chithunzi cha masiku onse, cha iye ndi amayi ake akuthyola zipatso m'nkhalango.

"Waona?" Miro anamumenya paphewa. "Ndinakuuza! Nkhalamba zimangoopseza."

Kerttu anapuma mpweya wautali. Anapisa dzanja m'jekete imene anaikoleka pampando, n'kutulutsa fulashi.

"Ndikope kaye lipoti."

"Pambuyo, aise! Ona, ayamba kale kuwerenga. Lowa, lowa!"

Manambala anali akutsika pa sikirini ya Miro. Kerttu anaika fulashi pambali pa kiyibodi, n'kuvala zomvera m'makutu. Anati akopa chigawo choyamba chikangotha.

Ndipo mtsikana anasewera, tisamunamizire. Dzanja lamanja linkayendetsa mausi ngati labadwa nayo, lamanzere likuvina pa kiyibodi. Mapasa akati atulukire uku, iye wafika kale. Akati abisale uko, wawaona. Anthu anayamba kusonkhana kumbuyo kwake. Ngakhale ana a pa sofa aja anasiya mpira wawo n'kubwera kudzaonerera.

"Amatembenuka bwanji msanga chonchi?" anafunsa mmodzi.

"Ndi mausi imeneyo, mwana iwe," anayankha Miro monyada. "Pa kabokosi kanu mukanatembenuka mawa."

Chigawo choyamba anapambana. Holo inaombera m'manja. Mapasa anasiya za firiji.

Kerttu anatambasula dzanja kuti atenge fulashi, koma chigawo chachiwiri chinali chitayamba kale, ndipo mmodzi wa mapasa anali akuthamangira kwa Miro. Dzanja linabwerera pa mausi.

Ali pakati pa chigawo chimenecho, sikirini inaphethira. Panadutsa mizere yobiriwira. Kerttu anaganiza kuti ndi maso ake. Kenaka m'bokosi munamveka kaphokoso kakang'ono, thwa, ngati kamtengo kouma kakuthyoka.

Sikirini inati bii. Timafani tinazungulira pang'ono n'kuima.

Fungo linafika pambuyo, fungo la pulasitiki wopserera. Amene anali kumbuyo kwake anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

Kerttu anadina batani. Zii. Anadinanso. Zii. Anagwedeza chingwe, anadinanso kachitatu.

A Lahtinen anafika mothamanga n'kuzula pulagi kukhoma.

"Usaikhudzenso," anatero. Anamuyang'ana, anayang'ana bokosi, n'kubwerera ku matimu awo. Zikanakhala bwino akanakalipa.

Palibe anaseka. Mapasa anavula zomvera m'makutu, mmodzi n'kunena chapansipansi kuti pepani. Posakhalitsa timu ina inaitanidwa, anthu anabalalika, phokoso la makiyibodi linayambiranso ngati palibe chachitika.

Kerttu anakhala pampando, maso ali pa sikirini yakuda. Mpikisano anali atauiwala. Chimene chinkamudya chinali chimodzi: ngati lipoti la amayi ake lapsa limodzi ndi zinazo kapena lapulumuka. Sakanadziwa. Fulashi inali pomwe anaiika paja, mulibe kanthu.

6. Nkhomaliro

Anakhala choncho mpaka kuwala kochepa kwa masana kunafika m'mawindo a pamwamba. Azimayi a komiti ya makolo anatsegula kazenera ka kukhitchini n'kuyamba kugawa supu ndi buledi wakuda. Nkhomaliro ija inafika, ndipo sinachedwe monga ankaganizira.

Miro anabwera ndi mbale ziwiri. Kerttu sanaikhudze yake.

"Mwina ndi kachipangizo kamodzi kokha," anatero Miro. "Si unkanena wekha kuti pa kompyuta umasintha chimodzi, zina n'kukhala?"

"Nanga chikakhala chimene muli lipoti?"

Miro anatakasa supu yake, n'kuyandikira.

"Tamvera. Sikuti uchite kunena zonse. Unene kuti unadikira. Unene kuti ndi magetsi a mu holo, makompyuta achuluka, china chake chadumpha. Zimachitika. Ine ndikuikira umboni."

"A Lahtinen anaona."

"A Lahtinen ali ndi matimu awo. Ndani akawafunse? Iwe ukanena zoona, sadzakulolanso kugwira kompyuta mpaka udzakalambe. Ndipo malume ako aja adzandimeza wamoyo."

Kerttu asanayankhe, chitseko cha holo chinatseguka, mphepo yozizira n'kulowa. Analowa a Sirpa, atanyamula dengu lovindikira ndi nsalu, masaya ali psuu. Anaunguzaunguza pakati pa mizere mpaka anamuona, n'kukweza dzanja mosangalala.

"Ndi uyu katswiri wanga!" anatero atafika. "Malume ako amaliza msanga, galimoto aidzutsa. Akuimika panjapo, akubwera. Ndakuphikirani mabanzi a sinamoni, akadali otentha. Tenga, Miro, usachite manyazi. Zayenda bwanji?"

"Chigawo choyamba tinapambana," anatero Miro ndi mawu aang'ono.

"Ndinadziwa ine!" A Sirpa anavula magulovu n'kuwaika patebulo. "Kerttu, tasuntha pang'ono. Ndikukanda ufa ndakumbukira chinthu chimene ndinaiwala kulemba pa tsamba lomaliza, za mmene timadzutsira wodwala pabedi. Ndilembe pompano ndisanaiwalenso, kenaka undikopere zonse pamodzi."

Kerttu anaimirira. Amayi ake anakhala pampando, anakoka kiyibodi, n'kugwedeza mausi monga ankachitira m'mawa uliwonse. Sikirini sinadzuke. Anagwedezanso. Anawerama n'kudina batani.

Kenaka ananunkhiza. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono. Anaona pulagi ili pansi, yozulidwa. Anaona fulashi, anaitenga, n'kuigwira m'manja onse awiri.

"Muli kanthu umu?"

Kerttu anapukusa mutu.

A Sirpa sanakweze mawu. Anaika dzanja pamwamba pa bokosi lakuda lija.

"Malume ako andiuza m'galimoto kuti anakumana nawe pa mlatho," anatero. "Akuti anakufotokozera zonse, ndipo ine ndawauza kuti asade nkhawa, mwana wanga amamva."

Kuchitseko a Raimo anali akukutumula chipale ku nsapato. Miro anaponda phazi la Kerttu pansi pa tebulo.

A Sirpa anatukula maso n'kuyang'ana mwana wawo.

"Unaidikira, eti, Kerttu?"